Maluwa Akutchire Pansi pa Msikidzi

Loweruka, mwezi wa Novembala, ku Ngabu

Mvula yoyamba inagwa masiku apitawa, ndipo m'mawa uno ndapeza kuti maluwa ofiira akutchire, amene akatswiri a zomera amawatcha Scadoxus multiflorus, atuluka pansi pa msikidzi wa kuseri kwa nyumba. Duwa lake ndi lobulungira, la timaluwa tambirimbiri, ndipo limayamba kuoneka masamba asanatambasuke. Chilimwe chonse chomerachi chimagona m'nthaka, chikudalira chakudya chimene chinasunga mu mzu wake wonga anyezi.

Malume atabwera kudzaona anandifunsa kuti, "Bwanji simunawabzale pansi pa msangu paja, poti nthaka yake ndi yachonde?" Ndinawakumbutsa kuti msangu umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukanso mvula ikatha. Chimanga ndi mapira zimapindula ndi khalidwe limenelo, koma maluwa awa amafuna mthunzi pa nthawi imene masamba awo akukula, ndipo kuno ku Chigwa cha Shire, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 miyezi ino, masamba anthete sangapirire pamtetete. Msikidzi ndiye sukhala wopanda masamba.

Ntchito yaikulu ya lero inali ya dothi. Makande athuwa amang'aluka m'chilimwe mpaka dzanja kulowa m'ming'alu, koma mvula ikalimbika amamata ndi kusunga madzi, ndipo mizu yonenepa imaola msanga. Pachifukwachi ndaunda bedi lokwera cha kumtunda kwa bwalo, n'kusakaniza dothilo ndi mchenga wa kumtsinje, masamba oola ndi manyowa akale a ng'ombe. Amene anaona madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023 safunika kuuzidwa kumene madzi amadikha pakhomo pake.

M'mphepete mwa bedilo, mmene dzuwa limafika m'mawa mokha, ndabzala Gloriosa superba, duwa lofiira ndi lachikasu limene limayanga pogwira nthambi ndi nsonga za masamba ake. Mizu yake imathyoka msanga, choncho ndaigoneka chopingasa mosamala. Zomera zonse ziwirizi ndi zapoizoni, ndipo mzu wa Gloriosa mwana angauyese mbatata, motero ndatchinga malowo ndi minga poopa mbuzi, ndipo ana ndawaletsa kukumbapo.

Madzi a pamjigo wathu ndi amchere, ndiye sindithirira nawo bedili. Madzulo ano ndaika mgolo pansi pa malata kuti mvula ikadukiza ndidzakhale ndi madzi othirira.