Chithunzi cha gwape chingakulanditseni malo osakako

Ku Texas, m'dziko la America, pafupifupi malo onse ali ndi eni ake, ndiye alenje agwape amachita lendi mafamu, ndipo mafamu abwinowo amachita kuwalimbirana. Mukaika pa intaneti chithunzi cha gwape wa nyanga zikuluzikulu, wina amakaonana ndi mwini famu n'kuwonjezera ndalama. Chaka chamawa malo mulibe.

Zimitsani location pa kamera ya foni musanajambule. Facebook imachotsa GPS (chizindikiro cha malo omwe munajambulira) pachithunzi, koma fayilo yotumizidwa pa imelo imapita nayo. Dulani zonse zakumbuyo: geti, thanki yamadzi, mapolo amagetsi, chifukwa ochenjera amazifananiza pa mapu a pa intaneti a Google Earth kuti apeze malowo. Makamera omangirira pamtengo amadinda tsiku ndi nthawi m'munsi, pamenepo dulaniponso.

Mgwirizano wapakamwa ndi mwini famu ayi. Ulembedwe, ukhale wa zaka zingapo, unenenso kuti ukatha oyamba kufunsidwa ndinu.