Lachitatu: sikelo yakakamira koma siketi ikugwa

Ndadzuka cha m'ma 5 koloko lero kunja kudakali kamdima, ulesi unandigwira zedi koma ndinadzikoka ndithu kukayenda ndawala. Osathamanga ayi, mawondo angawa safuna zibwana. Pobwera, ndisanamwe kanthu, ndakwera pa sikelo monga ndimachitira Lachitatu lililonse ndipo nambala ndi yomwe ija ya sabata yatha, olo pang'ono sinasunthe. Kenako ndatenga tepi n'kuzunguliza pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, nditatulutsa mpweya bwinobwino osakokera mimba m'kati (kukoka mimba n'kudzinamiza wekha), ndipo tepi ikuti zinthu zikuyenda. Siketi yakuda ya kuntchito ija nayo ikuvomereza, ikumazungulira yokha ndikamayenda moti zipi yakumbuyo ndikumaipeza ili pambali kkkk.

Palibe zamatsenga apa. Mafuta amadya malo ambiri kuposa mnofu, lita imodzi ya mafuta a m'thupi imalemera pafupifupi magalamu 900 pamene ya mnofu ili cha m'ma 1,060, komanso ukayamba kunyamula zitsulo minofu imasungako madzi ikamachira, ndiye n'zotheka sikelo kuima njii chiuno chikuchepa. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira tepi ndi lamba kuposa sikelo.

Kuntchito m'mawa kunali phee mpaka nthawi ya lanchi pamene kamtsikana ka mu ofesi mwathu kanabwera kudzakhala pa desiki yanga foni ili m'manja. Akuti asisi ndithandizeni, mkulu wanga akukwatiwa masabata atatu akubwerawa, diresi ndagula kale ya saizi 12 koma panopa ndimavala 16, inu mwatani kuti muchepe chonchi? Ndiye akundionetsa tiyi wina wake amene wamuona pa Facebook, zithunzi zake zija za mbali iyi munthu wonenepa wokwiya mbali inayi munthu yemweyo woonda akumwetulira, eti masaizi awiri m'masiku 14.

Ndinamuuza kuti iwe khala pansi, bweretsa pepala tiwerengere limodzi, chifukwa nkhani imeneyi ndi ya masamu osati ya kulimba mtima. Pa masaizi a ku UK, kuchoka pa saizi imodzi kufika ina kusiyana kwake m'chiuno kumakhala pafupifupi masentimita 5, ndiye 16 kufika 12 ndi masentimita ngati 10. Mongoyerekeza, anthu ambiri amataya sentimita imodzi m'chiuno pa kilo iliyonse imene yachoka, tinene kuti makilo 4 kapena 5 pa saizi imodzi, wina zimachepera wina zimapitirira malinga ndi kutalika kwake ndi mmene thupi lake linaumbidwira. Ndiye iye akufunika makilo ngati 9. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori (muyezo wa mphamvu imene timapeza m'chakudya) pafupifupi 7,700. Tinachulukitsa pa foni, 9 kuchulukitsa 7,700 ikukwana 69,300, kugawa ndi masiku 21 ikubwera 3,300 pa tsiku. Pamene mzimayi wamba thupi lake limagwiritsa ntchito makalori cha m'ma 2,000 pa tsiku lonse. Ndiye kuti olo atati asalawe kanthu kalikonse masabata atatu onsewo, mafuta amenewo sangathe. Anangoti kukamwa yasa.

Chimene chimatheka n'chiyani nanga? A CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, amanena kuti kuchepa kwabwino komwenso kumakhalitsa ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata. Ukamachepetsa makalori 500 tsiku lililonse, pa sabata ndi 3,500, pafupifupi theka la kilo. Ndiye saizi imodzi yerekeza mwezi umodzi ndi theka kapena miyezi iwiri, mwina kupitirira apo, ndipo masaizi awiri ndi nkhani ya miyezi itatu kapena inayi kwa munthu amene sakudumphadumpha. Komanso sizitsika mofanana sabata ndi sabata ayi, thupi likamachepa limayambanso kuwotcha zochepa, Kevin Hall, amene panthawiyo anali ku NIH, bungwe lofufuza zaumoyo ku America, ndi anzake anazifotokoza bwino mu magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2011, kuti masamu ongochotsera aja amalonjeza zambiri kuposa zimene zimachitikadi miyezi ikamapita.

Iye akuti komatu asisi mnzanga wina anatsika makilo atatu sabata imodzi yokha. Zoona, zimachitika, ndipo sananame. Koma ambiri mwa makilo amenewo ndi madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, amamutcha glycogen, pafupifupi theka la kilo yense pamodzi, ndipo galamu iliyonse imagwira madzi magalamu atatu. Ukangosiya zakudya zokhutitsa ndi zotsekemera, nkhokwe imeneyi imaphwa madzi ake n'kutuluka, ukachepetsanso mchere ndiye basi sikelo imatsika mosangalatsa. Mimba imaphwerako, buluku limamangika mosavuta, koma ukadya bwinobwino masiku awiri zonse zabwerera. Ife azimayi ndiye tili ndi zathunso, masiku oyandikira kusamba thupi limasunga madzi moti siketi imene imakukwana sabata yatha imayamba kuthina popanda chimene walakwa.

Za tiyi uja ndinamuuza kuti awerenge kaye zimene anaikamo. Matiyi ambiri oondetsawa amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba, ndiye chimene chimachoka ndi madzi ndi zam'matumbo, mafuta ali phee pamalo pake. Ine zimandinyansa kuti amagulitsa kutsegula m'mimba mu paketi yokongola anthu n'kumathokoza.

Tili mkati mokambirana anatulukira abambo ena a ku akaunti, amene nkhani iliyonse amafuna aponyepo lawo. Akuti ine ndiye ndimapanga ma sit-up 100 usiku uliwonse koma chimimbachi sichikumva, buluku ndikadali pa 38. Ndinawauza kuti bambo, minofu ya pamimba yanu mwina ndi yolimba kale kuposa ya tonse muno, kungoti yabisala. Thupi silichotsa mafuta pamalo pamene ukulimbitsapo, limatapa paliponse mmene lafunira, ndipo kumene kumayamba kuchepa zimatengera kumtundu ndi mahomoni. Mu 2011 ofufuza ena ku America anachititsa anthu masewera a pamimba okhaokha kwa masabata 6, minofu inalimba inde koma mafuta a pamimba sanasunthe. Chomwe chili chabwino kwa abambo ngati amenewa n'chakuti mafuta a m'kati mwa mimba, ozungulira matumbo ndi chiwindi aja, ndi amene amamva msanga ukayamba kuyenda ndawala, kuthamanga kapena kupalasa njinga, nthawi zina sikelo isanasinthe n'komwe. Ndiye amuna ambiri bowo la lamba limasintha msanga, pamene ife a mbina ndi ntchafu timadikira, nkhope ndi mabere zimayamba kupita jini ikadali yothina. Mathalauza a amuna amawerengera mainchesi, 38 kufika 36 ndi masentimita 5 omwe aja.

Anandifunsa kuti nanga mafutawo akachoka amapita kuti, amasanduka thukuta? Funso limeneli ndimalikonda. Ruben Meerman ndi Andrew Brown aku Australia anawerengera mu magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2014 kuti pa makilo 10 a mafuta amene munthu wataya, makilo 8.4 amatuluka kudzera m'mapapo ngati mpweya wa carbon dioxide, 1.6 otsalawo ndiwo madzi. Timawapuma mafutawa. Ndiye malamba otenthetsa pamimba aja ndi kuvala mapulasitiki pothamanga n'kungodzizunza, ukamwa madzi kapu ziwiri zabwerera. Abambo aja anaseka n'kunena kuti ndiye azingopuma mwamphamvu pa desiki. Ayi bambo, mungochita chizungulire.

Masana ntchito inachuluka, malipoti, foni, zosakoma kulemba.

Nditaweruka ndinadutsira kwa telala ndi siketi ziwiri ndi jekete imodzi, kamtsikana kaja kananditsatira ndi diresi yake mu chikwama. Telala wanga ndi bambo wachikulire wosalankhula zambiri, tepi pakhosi choko kukhutu. Anandiyeza n'kunena kuti mayi siketizi ndibweza, siketi sivuta olo masaizi awiri, koma msoko sindidula, ndingopinda m'kati, anthu inu mumabweranso. Ndinaseka koma akunena zoona, ambiri amene achepa mothamanga amabwerera. Jekete ndiye anaikana, akuti mapewa akakula ndiye kuti kumasula jekete yonse n'kuisokanso, bola kugula ina mukakhazikika.

Kenako anatenga diresi ya mnzanga uja n'kuitembenuza, kuyang'ana m'misoko, kuyeza chiuno chake, kumuyeza mwini wake. Apa ndi pamene tinadziwa kuti nkhani yonse ija tinaiyambira pakati. Diresi ija 12 wake ndi wa ku America. Saizi 12 ya ku America ndi 16 ya ku UK, ku Europe amati 44. Ndiye kuti mwana uja wakhala akudzimana chakudya chifukwa cha kanambala ka pa kolala, diresi anali asanaiyese n'komwe poopa kukhumudwa. Ataiyesa inalowa, kungothina pang'ono pachifuwa ndi pamimba zipi n'kuima kutsala pang'ono kufika pamwamba. Telala akuti m'misoko muli nsalu yokwanira kumasula masentimita awiri kapena atatu, ndipo ngati achepeko kilo imodzi kapena ziwiri pofika tsikulo ndiye ikhala ngati anamusokera.

Manambala a pa zovalawa asamatipweteketse mutu. Palibe lamulo limodzi limene makampani onse amatsatira, 14 wa kampani iyi ndi 12 wa kampani ina, ndipo pa zaka zapitazi makampani ambiri akhala akukulitsa zovala nambala n'kuisiya yomweyo kuti wogula azisangalala kuti akadali pa saizi yake yakale. Nsalu zotamuka ndiye zimanamiza kwambiri, legini imakukwana utanenepa makilo asanu osadziwa. Ukafuna kudziwa zoona sankha buluku limodzi la nsalu yosatamuka, uziliyesa kamodzi pa masabata awiri, basi.

Chinanso chimene telala ananena, chimene inenso ndachiona, n'chakuti munthu wonenepa kwambiri amachedwa kusintha saizi poyamba. Zili ngati mpukutu wa tishu, ukakhala watsopano umachotsa mapepala ambiri osaoneka kuti wachepa, koma ukatsala pang'ono kutha pepala lililonse limaoneka. Kuwonjezera apo masaizi akuluakulu amatalikirana kwambiri kuposa ang'onoang'ono. Ndiye wa saizi 22 akhoza kutaya makilo 7 akadali mu diresi yomweyo, pamene wa saizi 10 makilo atatu okha zovala zonse zakhwepa. Ambiri amagwa ulesi pamenepa, mwezi wachiwiri, chonsecho thupi likugwira ntchito.

Madzulo ndinapita ku jimu kukanyamula zitsulo pang'ono, miyendo ndi msana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu malangizo ake a 2020 limati munthu wamkulu azichita masewera a mphamvu yapakatikati, monga kuyenda ndawala, mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri kapena kuposa olimbitsa minofu, ndipo zitsulozi ndi zimene zimathandiza kuti pochepa thupi usataye mnofu wambiri pamodzi ndi mafuta, apo ayi umachepa inde koma thupi lili lendelende. Koma masewera okha popanda kusintha kadyedwe amachedwa kwambiri. Kuyenda ndawala theka la ola kwa munthu wa makilo 70 kumawotcha makalori cha m'ma 140, chitini chimodzi cha Coca-Cola cha 330 ml chili ndi makalori 139. Pali mnyamata wina ku jimu kuja amene amatuluka thukuta lili kamukamu n'kugula chakumwa chotsekemera pakhomo pomwepo, ndimangomuyang'ana, si mwana wanga.

Ndikufika kunyumba azakhali anaimba pa vidiyo, kungondiona nkhope akuti mwana iwe waonda bwanji, ukudwala? Ndinawatsimikizira kuti ayi azakhali ndikuchita kufuna, ndikudya bwinobwino. Koma funso lawo si lopusa. Munthu amene zovala zikumukhwepa asakuchita chilichonse, makamaka ngati wataya zoposa 5 peresenti ya kulemera kwake m'miyezi 6 mpaka 12, ameneyo asasangalale, apite kuchipatala, chifukwa shuga, TB, HIV, chithokomiro ngakhale khansa zimayamba choncho. Ndipo kuchepa mothamanga kwambiri mwadala nako kuli ndi mavuto ake, timiyala ta mu ndulu, tsitsi kuthothoka, msambo kusokonekera. Azakhali anandifunsa kuti ndiye ulekera pati? Ndinawauza kuti sindikuthamangitsa saizi ina iliyonse, ndikufuna chiuno chikhale chosafika theka la kutalika kwanga, muyezo umene a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo ku UK, analimbikitsa mu 2022, wa masentimita 160 chiuno chisafike 80. Akuti zachizungu zimenezo, bola usafike pooneka mafupa.

Cha m'ma 9 koloko kamtsikana kaja kanatumiza uthenga pa WhatsApp kuti oda ya tiyi ija yakanika kubweza ndalama koma sakamwa, ndipo akufunsa ngati angamapite nane koyenda m'mawa. Ndamuuza kuti 5 koloko akhale atavala nsapato, ndipo adye kaye chakudya chamadzulo lero asagone ndi njala.