Ulendo wa London ndi New York: kubwerera n'kwaufupi, koma n'kowawa

Pakati pa bwalo la ndege la Heathrow ku London ndi la JFK ku New York pali makilomita pafupifupi 5,500. Mtundawo ndi womwewo kaya mukupita kaya mukubwera. Koma tayang'anani tikiti. Popita ku New York ndege imatenga maola pafupifupi 8, pomwe pobwerera ku London imatenga pafupifupi 7, mwinanso osakwana.

Ndamvapo anthu akulimbikira kuti chimachititsa ndi kuzungulira kwa dziko, ati dzikolo limathawa ndege kapena kuichingamira. Ayi ndithu. Mpweya umene ndege ikuulukamo umazungulira limodzi ndi dzikolo. Nkhani yagona pa mphepo. Kumwamba komwe ndege zimayendako, makilomita 9 mpaka 12 kuchokera pansi, kumaomba chimphepo chotchedwa jet stream, chochokera kumadzulo kulowera kum'mawa, ndipo m'nyengo yozizira liwiro lake limatha kupitirira makilomita 250 pa ola. Ndege yochoka ku New York imalowamo dala, n'kumatsetsereka ngati bwato lotsata madzi a mtsinje. Yochoka ku London imachizemba, ngakhale kuzembako kutalikitse njira. N'chifukwa chake njira za pamwamba pa nyanja ya Atlantic sizikhala zimodzimodzi tsiku lililonse: oyang'anira kayendedwe ka ndege ku Gander, m'dziko la Canada, ndi ku Prestwick, ku Scotland, amazikonza poona momwe mphepo yagonera.

Mu February 2020, namondwe Ciara ali mkati, ndege ya Boeing 747 ya kampani ya British Airways inachoka ku New York n'kutera ku London patangotha maola 4 ndi mphindi 56. Ndege ya Concorde inaposa pamenepo mu 1996, maola osakwana 3, koma ija inali yothamanga kuposa liwiro la phokoso, ndipo inaleka kuuluka mu 2003.

Ine ndikakhala m'ndege maso anga sachoka pa kamapu ka kumbuyo kwa mpando. Mzere wake umapindikira kumpoto, kudutsa cha ku Ireland ndi Newfoundland, moti mungaganize kuti woyendetsa wasokera. Pa dziko lobulungira, njira yachidule ndi yomweyo. Mapu afulati ndiwo amatinamiza.

Chimene chimazunguza mitu kwambiri ndi wotchi. London ili patsogolo ndi maola 5, ndipo tikiti imalemba nthawi ya mzinda womwe mukunyamukira ndi ya womwe mukukatera. Mukanyamuka ku London 10 koloko m'mawa, mukafika ku New York cha m'ma 1 koloko masana, dzuwa likadali pamutu. Mukanyamuka ku New York 7 koloko madzulo, mukatera ku London 7 koloko m'mawa.

Ulendo wobwererawu, waufupiwu, ndi umene ine ndimauopa. Pa maola 7 aja chotsanipo nthawi yokwera, ya chakudya chamadzulo, kenako akudzutseninso ndi kadzutsa ndege isanatsike. Tulo timatsala ta maola atatu kapena anayi, mutapinda khosi. Mukutuluka pa Heathrow anthu akuthamangira kuntchito, pomwe thupi lanu likudziwa kuti ndi 2 koloko usiku. Tsopano ndikapeza ndege yonyamuka ku New York m'mawa n'kukafika ku London madzulo, ndimasankha imeneyo, ngakhale indidyere tsiku lonse lathunthu.