Zikomo kwa amene mumatiphunzitsa lamulo la umwini wa luso

Ife alembi, oimba ndi ojambula tikuthokoza maloya ndi aphunzitsi a zamalamulo amene mumakhala nafe pansi, osalipiritsa, n'kutimasulira lamulo la umwini wa luso la 2016 m'Chichewa chomveka.

Mwatitsegula maso kuti lamulo siliteteza ganizo lili m'mutu, koma ntchito imene yalembedwa, yajambulidwa kapena yaimbidwa. Chitetezocho chimakhalapo mwini ali moyo, ndi zaka 50 atamwalira, kotero ana amasiye ali ndi gawo.

Tikuthokoza makamaka pa nkhani ya nyimbo. Nyimbo imodzi imakhala ndi eni angapo: wopeka mawu, wopeka maimbidwe, woimba, ndi amene analipira kujambula. Ambiri amakangana chifukwa anatuluka mu situdiyo osalemba kuti aliyense atenga magawo angati pa 100. Inu mumati lembani tsiku lomwelo, aliyense asainire. Mumatichenjezanso kuti kubwereketsa ufulu kwa zaka zowerengeka n'kosiyana ndi kuugulitsa kotheratu, ndipo pepala losanena nthawi ndi dera limapweteka mwini.

Zikomonso potikumbutsa kukalembetsa ntchito zathu ku COSOMA, bungwe lotolera ndalama za eni luso m'Malawi, kuti ndalama zochokera ku mawayilesi zipeze mwini wake. Ambuye akudalitseni.