Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Ganyu wa ku Ceres

Mlungu watha ndinalekezera pamene ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Bellville, chaka changa chachiwiri ndili ku Cape Town. Ndimati lero ndilembe za ulendo wobwerera kumudzi, koma Lamlungu achimwene anabwera kuno ku Chibavi ndi juwisi wa Ceres. Nditangoona dzinalo pakatoni ndinayamba kuseka ndekha, mpaka amayi anafunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Ceres ndi tawuni, makilomita pafupifupi 150 kuchoka ku Cape Town, m'chigwa chozingidwa ndi mapiri. Ndi kwawo kwa maapozi, mapichesi ndi macheri. Inu amene mumadandaula ndi Mzuzu wa mu June, kumeneko m'mapiri mumagwa sinowo. Kuzizira komweko ndi kumene mtengo wa macheri umafuna kuti ubereke, ndipo zipatso zake zimapsa kumapeto kwa November mpaka mu December, milungu yowerengeka basi. Ndi tizipatso tofiira, kukula kwake ngati nthudza.

Lachisanu lina adona anandiuza kuti mawa tikukathyola macheri, ndisaiwale chipewa. Ine mumtima: ganyu uyo, ya Khirisimasi yapezeka. Paja ndinakulira kuthyola khofi kwa agogo ku Phoka, manja anga sachedwa pamtengo. Ndinavala nsapato zogwirira ntchito, chitenje m'chiuno.

Tinadzera ku Michell's Pass, msewu wokhotakhota ngati wa pa Chiweta. Pachipata cha famu adona anapereka ndalama, ine ndinkayesa ndi yoimikira galimoto. Anatipatsa ndowa aliyense yake. Mnyamata wa pafamupo anatilangiza kuti tizithyola zofiira kwambiri zokha, pamodzi ndi kamchira kake kuti zisaole msanga. Cheri sali ngati nthochi yoti ukavundika ipsa. Ukamuthyola wosapsa, ndi choncho basi.

Ndinalowa mumzere osacheuka. Anzanga aja ntchito yawo inali kujambulana, kunyamula ana m'mapewa kuti afikire nthambi, kuthyola kamodzi n'kuyamba nkhani. Ndinkawamvera chisoni, kuti anthu awa madzulo alandira chiyani? Ndowa yoyamba itadzaza ndinakatenga ina, kenako ndinalanda ya mwana wa adona, amene anali ataitaya pansi akuthamangitsa agulugufe. Dzuwa lisanafike pamutu zitatu zinali tho.

Pasikelo ndinaima kutsogolo, n'kupukutiratu manja pachitenje. Mayi woyeza anayeza, n'kutchula mtengo, koma akuyang'ana adona osati ine. Nkhope ya adona inafiira ngati macheri omwewo. Apo m'pamene zinandilowa: pachipata umalipira kuti ulowe, potuluka umalipiranso pa kilogalamu iliyonse imene wathyola wekha. Changu changa chonse chija ndinkawakwezera ngongole. Abwana anaseka mpaka kutsamira galimoto, ine ndikufuna kulowa pansi. Analipira ndithu, ndipo sanandidule pamalipiro, ndisawanamizire. Mlungu wonse tinadya macheri, ena tinaphika jamu, ena tinagawira oyandikana nawo mpaka anayamba kukana.

Nditamaliza kufotokoza, amayi sanaseke. Anaika kapu ya juwisi pansi.

"Ndiye kuti mlendo alipire, ntchito agwire yekha, dzuwa limuwotche, mwini munda ali khale pamthunzi?"

"Eya amayi, ndipo anthu amachokera kutali ndi galimoto zawo."

Anakhala chete akuyang'ana pazenera, kumene kuli mtengo wathu wa mapeyala, umene ana a m'dera muno amaugenda tsiku ndi tsiku mpaka kuboola malata a kukhitchini. Kenako anatembenukira kwa achimwene.

"Iwe, sikelo ija ya malemu bambo ako, amayezera nyemba ija, ili kuti?"