Njinga imodzi, chikwangwani cha njinga zambiri

Golosale yathu ili ku Chinsapo. Tinaiyamba mu 2019, ine ndi bambo a kunyumba, ili tebulo chabe la sopo, mchere ndi mafuta oyezera m'timabotolo. Patapita zaka ziwiri tinachita lendi kachipinda m'mbali mwa msewu. Zinkayenda ndithu mpaka Novembala 2023, pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Wogula shuga wa paketi anayamba kugula wa pasupuni.

Nzeru yochititsa mpikisano wokopa ogula inali yanga, sindinamizira munthu. Tinati aliyense wogula katundu wa K10,000 alembe dzina kuseri kwa lisiti n'kuponya m'katoni, madzulo a pa 24 Disembala tidzatola dzina limodzi, mwini wake atenge njinga yakapalasa. Mnyamata wolemba zikwangwani analemba ndi penti wofiira kuti "GULANI MUWINE NJINGA ZATSOPANO". Njinga inali imodzi. Ndinaona, koma ndinati zikukoma kuwerenga, zisiyeni.

Anthu anagula. Katoni inadzaza.

Tsikulo titatseka, titatopa, tinatola dzina tili atatu: ine, bambo ndi mwana wogulitsa. Linatuluka la mayi wina amene timaimba naye kwaya imodzi. Kutacha nkhani inali ponseponse, ati njinga yapita kwa anzawo a kutchalitchi. Ena ankafunsa kuti njinga zinazo zili kuti. Wina anabwera ndi malisiti atatu akuti sanauzidwe kuti akhoza kuponya katatu. Kunena zoona, nafenso tinali tisanagwirizane ngati n'zololedwa. Malamulo a mpikisanowo anali m'mutu mwanga mokha, ndipo ankasintha malinga ndi amene wafunsa.

Amene anatitsegula maso ndi bambo ena opuma pantchito ya uphunzitsi, makasitomala athu akalekale. Anandiitanira pambali n'kufunsa: "Mayi, kodi chilolezo cha ku MAGLA munatenga?" Ine ndinkayesa bungwe limenelo ndi la anthu obetcha mpira ndi a makasino. Anandifotokozera kuti Malawi Gaming and Lotteries Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022, imayang'aniranso mipikisano yotsatsa malonda imene wopambana amapezeka mwa mwayi. Amafuna malamulo olembedwa: woyenera kulowa ndani, mphoto ndi chiyani ndipo ndi zingati, kutola kudzachitika liti, kuti, pamaso pa ndani. Mpake mipikisano ya makampani a mafoni imakhala ndi timalemba tating'ono pansi. Ine ndinkayesa n'zokongoletsa.

Asanachoke analoza chikwangwani china chimene chinali pamwamba pa kauntala kuyambira tsiku lotsegula: "Katundu akatuluka sabwezedwa." Anati nachonso a Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, amachiletsa, chifukwa wogula ali ndi ufulu wobweza katundu wowonongeka, ndipo kulemba "njinga" zambiri ili imodzi ndi kutsatsa konyenga. Apa ndinakangana nawo pang'ono, poti chikwangwani chotero chili pafupifupi m'shopu iliyonse kuyambira ku Bwalo la Njovu mpaka kwathu kuno. Iwo anangoseka. Tinachichotsa usiku womwewo.

Shuga atasowa mu 2024, anzathu ena ankakana kugulitsa paketi pokhapokha munthu agulenso sopo kapena masamba a tiyi. Bambo a kunyumba anayesedwa, sindibisa. Koma tinali titamva kale kuti kumangirira katundu motero n'kolakwira lamulo loteteza ogula, ndiye tinkangogulitsa paketi imodzi pa munthu mpaka wathe.

Za mpikisano wotola mayina tinazisiya. Titaganizira zolembalemba ndi maulendo a chilolezo, tinaona kuti pa golosale ya chipinda chimodzi n'zolemera kuposa phindu lake. Tinabwerera ku zimene amayi anga ankachita pogulitsa tomato pamsika wa Mitundu: basela. Wogula katundu wa ndalama zakutizakuti amalandira kasopo kapena machesi, aliyense, palibe mwayi, palibe katoni. Timalemba pa bolodi tsiku loyamba ndi lomaliza, ndipo zimene zalembedwa ndi zomwezo zimene mwana wogulitsa amanena.

Mayi a kwaya aja njinga akadali nayo. Amaitsamiritsa pakhonde akabwera kudzagula mchere, ndipo anyamata a kabaza pasiteji amaitchabe "njinga ya Aleluya".