Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kuchoka ku Joni m'mawa, kukafika ku Thyolo madzulo

Ndinalekezera pamene achemwali anandiimbira foni usiku kunena kuti amayi awagoneka kuchipatala. "Achimwene, musadikire malipiro a mwezi uno, ingobwerani," anatero mawu akunjenjemera.

Nthawi yonse yomwe ndinali ku Joni, kumudzi ndinkapita pa basi. Aliyense wa ife amaidziwa njira ija: kunyamuka pa Park Station, kudutsa Polokwane ndi Musina, kuima pamzere pa Beitbridge mwina usiku wonse, kenako Masvingo, Harare, Nyamapanda, kulowa m'Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kudzatulukira ku Zobue ndi Mwanza. Ndi makilomita oposa 1,700, malire atatu, ndipo paliponse munthu umatsika kukadinditsa pasipoti. Ukafika ku Blantyre tsiku lachiwiri miyendo itatupa, umathokoza Mulungu. Koma malinga ndi momwe achemwali analankhulira, masiku awiriwo amayi analibe.

Abwana anga, omwe ndinkawasamalira maluwa, anandikongoza ndalama ya tikiti ya ndege. Atandionetsa pafoni kuti kuchoka pa bwalo la ndege la OR Tambo kukatera pa Chileka ndi makilomita pafupifupi 1,350, ulendo wa maola awiri ndi mphindi zochepa, ndinawafunsa kuti, "Bwana, maola awiri amenewa ndi okafika ku Harare kapena?" Anandiuza kuti ndege siikhota ku Masvingo, siiima pa chipata, imangolunjika. Ngakhale wotchi sumaisintha, poti nthawi ya ku South Africa ndi ya ku Malawi ndi imodzi.

Komatu maola awiriwo ndi a mumlengalenga mokha. Ndinadzuka tambala asanalire kuti ndikafike ku Kempton Park, komwe kuli bwalolo, kutatsala maola atatu kuti tinyamuke. Chinandipweteka kwambiri ndi katundu. Pa basi timanyamula mabulangete, njinga, mafuta ophikira, ngakhale firiji, chifukwa munthu wa ku Joni safika kumudzi chimanjamanja. Pa ndege chikwama amachiika pa sikelo, ndipo zambiri zomwe ndinagulira ana a achemwali zinatsala m'chipinda changa. Anthu amati timakwera basi chifukwa chosowa ndalama basi, koma nkhani ina ndi imeneyi.

Titakwera m'mwamba ndinkangoyang'ana pawindo. Mkulu wina yemwe anakhala pafupi nane anandilozera mtsinje waukulu pansi n'kuti ndi Zambezi. Ndinakumbukira kutentha kwa ku Tete ndi anzanga omwe mwina nthawi yomweyo anali pamzere pa Nyamapanda, ndipo mtima unandiwawa kuti ulendo wofupika chonchi ambiri a ife sitingaukwanitse, ngakhale pa maliro a kholo. Tisanamalize n'kukambirana, phiri la Michiru linali litaoneka kale.

Kuchoka pa Chileka kulowa m'tauni, kudikira minibasi ya ku Thyolo kuti idzaze pa Limbe, kenako kabaza wokafika kuchipatala, zinanditengera nthawi yoposa yomwe ndinakhala mundege. Ndinawapeza amayi ali maso, achemwali akuwamwetsa phala. Anandiyang'anitsitsa n'kufunsa, "Iwe, dzulo lomweli amati uli ku Joni, wabwera pa chiyani?"

Anatuluka m'chipatala ine ndikadali kumudzi. Pobwerera ndinakwera basi, chifukwa ngongole ya abwana inali ikundidikira, ndipo za momwe ndinaibwezera ndidzakamba m'gawo 10.